Ntchito Yophunzitsa Dzanja Kutemanso Mbamu

 Lero tikambirane za ntchito ina ya m'chipatala imene ana athu saitchula akafunsidwa zimene akufuna kudzachita akamaliza Fomu 4. Mwana amati unesi, amati udokotala, ndipo masiku ano ambiri amangoyankha kuti ndidzapita ku UK. Sindinamvepo mwana akunena kuti akufuna kudzaphunzitsa munthu wofa ziwalo kuvala malaya ake. Koma ntchitoyo ilipo, sukulu yake ilipo, ndipo mzinda wathu uno wa Chitungwiza ukuisowa.

Tiyambire pa chinthu chimene ambiri tinachionapo. Bambo wagwidwa ndi sitiroko, mwathamanga naye ku Chitungwiza Central Hospital. Madokotala ndi anamwino achita mbali yawo, BP yatsika, moyo wapulumuka, ndipo pakapita masiku akuti mutengeni akapezere bwino kunyumba. Mafunso enieni amayambira pakhomo. Kodi bamboyu adzisambitsa yekha? Kuchimbudzi apita bwanji? Dzanja lamanja limene ankadyera lafa, ndiye nsima atema ndi chiyani? Ngati ankasoka nsapato pa Makoni kapena kuwotcherera zitsulo pa Chikwanha, ntchitoyo yathera pomwepo? Mankhwala sayankha mafunso amenewa. Amene amawayankha ndi akatswiri otchedwa occupational therapist pamodzi ndi owathandiza awo.

Ambiri timadziwa a mafizo, amene amalimbitsa minofu, kuwongola mfundo ndi kuyendetsanso miyendo. A occupational therapy amagwira nawo ntchito limodzi, kawirikawiri m'chipinda chimodzi chomwecho, koma iwo amayambira pa zochita za munthuyo. Amafunsa kuti tsiku lanu limayenda bwanji kuyambira podzuka mpaka pogona, ndi pati pamene matendawa adula, ndipo tingalumikizepo bwanji. Nthawi zina amaphunzitsa thupi njira yatsopano. Nthawi zina amasintha chipangizo, monga kukulunga chogwirira cha sipuni ndi mphira kuti chinenepe, dzanja lofooka lithe kuchifumbata. Nthawi zinanso amasintha nyumba yeniyeniyo.

Ntchitoyi si yakale kwambiri. Bungwe loyamba la akatswiriwa linakhazikitsidwa mu 1917 ku Clifton Springs, m'chigawo cha New York ku America, ndipo linakula msanga chifukwa cha asilikali ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Bungwe lawo la dziko lonse linabadwa mu 1952. Posakhalitsa anthu a ku America anaona kuti akatswiri a digiri sangakwanire odwala onse, choncho chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anayamba kuphunzitsa othandiza, amene lero amatchedwa occupational therapy assistant ndipo amaphunzira zaka ziwiri ku koleji.

Kuno ku Zimbabwe nkhani inayenda mwa njira yake. Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1980, linali ndi anthu ambiri opunduka: ovulala ku nkhondo, oponda mabomba okwirira m'malire a Mozambique ndi Zambia, ana opuwala ndi poliyo. Akatswiri anali ochepa, ophunzira kunja, ndipo pafupifupi onse anali m'mizinda ikuluikulu. Munthu wakuda wolumala akafuna thandizo ankadalira mamishoni ndi bungwe limene Jairos Jiri anayambitsa ku Bulawayo mu 1950. Boma latsopano linasankha kusadikira madigiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 linayamba kuphunzitsa anthu otchedwa rehabilitation assistant, amene lero timawatcha rehabilitation technician, kapena mwachidule ma rehab tech. Digiri ya occupational therapy ndi ya mafizo inadzayamba pambuyo, mu 1987, pa University of Zimbabwe. Sukulu ya ma rehab tech ili pa chipatala chachikulu cha ku Marondera, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kummawa kwa Harare, pansi pa Unduna wa Zaumoyo.

Chosiyana ndi ku America ndi chakuti rehab tech wathuyu saphunzira mbali imodzi yokha. Amaphunzira za mafizo, za occupational therapy, ndiponso zothandiza ovutika kulankhula ndi kumeza. Ine ndimaona kuti imeneyi inali nzeru. Chipatala cha m'boma lakutali sichingalembe anthu atatu pamene ndalama ya mmodzi ikuvuta. Koma nzeruyi ili ndi mtengo wake. Pamzere pakakhala anthu 30, n'kosavuta kuwongola mwendo kwa mphindi khumi n'kuitana wina, kusiyana ndi kukhala pansi ndi mayi n'kumufunsa mmene amaphikira. Mbali ya zochita za tsiku ndi tsiku imafuna nthawi, ndipo ndi imene imayamba kusiyidwa. Wachinyamata amene akulowa ntchitoyi adziwiretu zimenezi, kuti akadzafika pamzere wotero adzakumbukire kufunsa funso la kuphikalo.

Nanga kusukuluko amaphunzira chiyani? Poyamba ndi thupi la munthu: mafupa, minofu, mitsempha, ubongo ndi ntchito za zigawo zake. Si maphunziro opepuka ayi. Muyenera kudziwa chifukwa chake munthu wovulala ubongo mbali ya kumanja amafa ziwalo za kumanzere, ndiponso chifukwa chake ena mwa odwala oterewa amadya nsima ya mbali imodzi ya mbale n'kusiya inayo, osati chifukwa chakhuta, koma chifukwa ubongo wasiya kulabadira za kumanzere. Banja likaona zotere limathamangira kwa asing'anga kapena kwa aneneri. Wophunzira bwino amadziwa kuti ndi chizindikiro cha sitiroko, amatembenuza mbale, n'kuyamba kuphunzitsa wodwalayo kucheukira mbali yoiwalikayo. Amaphunziranso kakulidwe ka mwana, nthawi imene ayenera kuimika khosi, kukhala, kukwawa ndi kuyenda, kuti azindikire msanga mwana amene watsalira. Palinso za matenda a maganizo. Ndipo gawo lalikulu la nthawi yawo limathera m'mawodi ndi m'madera, akugwira odwala enieni moyang'aniridwa.

Zambiri zimene amaphunzira zimaoneka zazing'ono, koma zimasiyanitsa munthu amene adzadzuke ndi amene adzagonere mpaka kalekale. Povala malaya, yambani ndi mkono wofookawo, povula, umalizireni. Musamudzutse wodwala pomukoka mkono wakufawo, chifukwa phewa lake lilibe minofu yoligwira ndipo limagweduka, kenako ululu wake umatenga miyezi. Wogona osatha kudzitembenuza atembenuzidwe maola awiri alionse, apo ayi khungu la m'chiuno ndi la ku zidendene limaboola zilonda zimene zimatha kupha munthu amene sitiroko inamulephera. Wovutika kumeza adye atakhala tsonga, chifukwa phala likalowera ku mapapo limabweretsa chibayo. Mwana wopsa ndi moto, ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July pamene magetsi azima timakhala nawo ambiri, amapinda mkono kuti ululu uchepe. Akasiyidwa choncho chipsera chimauma mkono uli wopindika. Rehab tech amauwongola, amaumangira pa chothandizira chimene wapanga yekha molingana ndi mkono wa mwanayo, ndipo amapirira kulira kwa mwana ndi diso loipa la mayi ake.

Pa ana olumala pali chinthu chimene dziko lino lingadzitame nacho. Ana ambiri amene amabwera ku rehab ali ndi cerebral palsy, kulumala kobwera ubongo ukavulala mwana ali m'mimba, pobadwa, kapena ali wakhanda. Kuchedwa kupuma pobadwa, chikasu chachikulu m'masiku oyamba, matenda oumitsa khosi ndi malungo a mu ubongo ndi zina mwa zoyambitsa. Mwana wotere amafunika mpando womugwira bwino msana ndi mutu kuti akhale tsonga, aone anzake, adye osatsamwa. Mpando wa ku sitolo ndi wodula, ndipo mwana akakula pang'ono umamuchepera. Kuno ku Zimbabwe, mphunzitsi wina dzina lake Bevill Packer anakonza luso lopangira mipando ndi matebulo kuchokera ku makatoni, mapepala akale ndi phala la ufa lomatira. Makatoni amasanjikizidwa mopingasa, kumatidwa, kukulungidwa ndi mapepala, n'kuumitsidwa padzuwa, ndipo chotulukapo chimanyamula munthu. Lusoli limatchedwa APT, ndipo lero likuphunzitsidwa m'mayiko ena a mu Africa muno ndi kunja komwe popangira ana olumala mipando ndi zoimiriramo. Mwana wa ku Chitungwiza amene anakula akupanga galimoto za mawaya ali kale ndi manja a ntchito imeneyi.

Tsono tibwere kwathu kuno. Chitungwiza anakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ngati malo ogonako antchito a ku Harare. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 370,000. Amene anajambula nyumba zathuzi sankaganiza za njinga ya olumala. Zitseko n'zopapatiza, pakhomo pali masitepe, chimbudzi n'chonjuta ndipo mabanja angapo amagawana. Wochita lendi ali ndi chipinda chimodzi, momwemo bedi, momwemo mbaula. Za madzi sindikuuzani zachilendo. Mipope imakhala youma masiku ambiri, timadalira mijigo ndi zitsime, ndipo sitinaiwale kuti kolera wa mu 2008, amene anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, anayambira mu mzinda uno.

N'chifukwa chake ndikunena kuti mayeso enieni a ntchitoyi ali pakhomo la wodwala. M'chipinda cha rehab pansi ndi posalala, pali zitsulo zogwirira, chimbudzi n'chokhalira. Wodwala amayenda bwinobwino, aliyense amaomba m'manja. Akafika ku Unit L apeza kuti kuchoka pa bedi kukafika ku chimbudzi pali sitepe, ngalande ndi chingwe cha zovala. Rehab tech wodziwa ntchito amapita kukaona, kapena akalephera amafunsa mwatsatanetsatane. Amauza kalipentala aboole mpando wakale kuti uikidwe pamwamba pa chimbudzi chonjuta. Amamangitsa chitsulo kapena mtengo wogwirira pakhoma. Amaphunzitsa mayi wa dzanja limodzi kusenda mbatata ataibaya pa misomali yokhomera pa thabwa, ndi kutunga madzi m'zigubu zazing'ono maulendo angapo m'malo mwa ndowa ya malita 20. Mabuku ambiri a ntchitoyi analembedwa ku mayiko kumene madzi amatuluka pa mpope nthawi zonse. Munthu wokulira kuno amadziwa zimene mabukuwo sadziwa.

Pali vuto lina limene limachokera kwa ife eni, ndipo ndilinena ngakhale ena akwiye. Ife timadwazika ndi mtima wonse. Bambo akadwala, mayi amawasambitsa, mwana amawadyetsa, mdzukulu amawaveka nsapato, ndipo tikaona wodwala akulimbana ndi batani la malaya timathamangira kumuthandiza, poopa kuti anansi anganene kuti tamutaya. Chikondi chimenechi chimatha kulumalitsa. Ubongo wovulala umapeza njira zatsopano makamaka chiwalo chikamagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, ndipo miyezi yoyambirira sitiroko itangochitika ndiyo nthawi imene kusintha kumachitika msanga. Dzanja likamachitiridwa zonse limaiwalika. Choncho gawo lovuta kwambiri la ntchito ya rehab tech ndi kuuza mayi wachikulire kuti, "Amayi, pindani manja, asiyeni abambo avutike nalo batanilo." Kunena mawu amenewa kwa munthu wa msinkhu wa agogo ako, mosamunyoza, mpaka iye avomere, ndi luso limene satifiketi payokha singakupatse.

Ulemu ndi chilankhulo zimalowa pamenepa. Mu mzinda uno muli agogo ambiri amene anachokera ku Malawi, ku Tete ndi ku Chipata, anagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale a ku Harare, n'kukalambira kuno. Chishona amachilankhula, koma ukalamba ukafika, makamaka matenda oiwalaiwala akayamba, ambiri amabwerera ku chilankhulo cha ubwana wawo. Ndiponso za kusamba ndi za kuchimbudzi munthu amazifotokoza momasuka m'chilankhulo cha kwawo, kwa munthu wodziwa kuzitchula mozungulira monga mwa mwambo. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma lamulo silingakhale pambali pa bedi n'kunena kuti, "Agogo, tayesani kukweza dzanjali pang'ono." Pamafunika mdzukulu amene anaphunzira ntchito. Achinyamata athu ena amachita manyazi kulankhula Chichewa pagulu chifukwa cha mayina achipongwe amene makolo awo ankaitanidwa nawo. M'wodi, chilankhulo chomwecho ndi chida chogwirira ntchito.

Ndingotchulako mwachidule za matenda a maganizo, chifukwa nawonso ndi gawo la ntchitoyi. Tonse tikuona zimene mankhwala ozunguza bongo a mutoriro ndi bronco achita kwa anyamata m'misewu yathu. Mnyamata akagonekedwa n'kutsukidwa m'thupi, amabwerera ku tsiku lopanda chochita, kumene kunayambira vutolo. A occupational therapy amamuthandiza kumanganso tsiku lake: nthawi yodzuka, ntchito ya manja, dimba, masewera, kusunga ndalama pang'ono. Zimaoneka ngati zachibwana kwa woonera patali, koma munthu amene alibe chodzukira m'mawa sachedwa kubwerera kumene anachoka.

Tsono ndisakunamizeni, walira mvula walira matope. Ntchitoyi ndi yolemetsa thupi, chifukwa mumanyamula anthu akuluakulu, ndipo mukapanda kusamala msana wanu mudzakhala wodwala wa anzanu. Zotsatira zake zimachedwa. Mwana wa cerebral palsy sachira; chimene mumapeza ndi chakuti patatha chaka akutha kugwira kapu, ndipo muyenera kukhala munthu wotha kukondwera ndi kapuyo. Odwala ena amasiya kubwera chifukwa ndalama ya kombi ya anthu awiri, kuphatikizapo malo a njinga, yawakanika. Malipiro a m'boma mukuwadziwa. Mulinso malire: rehab tech amagwira ntchito pansi pa katswiri wa digiri, amene ali ndi udindo woyeza wodwala ndi kukonza dongosolo la chithandizo. M'zipatala za kumidzi nthawi zambiri rehab tech amapezeka ali yekha, ndipo pamenepo nzeru ndi kudziwa pamene ayenera kutumiza wodwala kwa omuposa.

Za kupita kunja sindingaletse munthu, aliyense amadziwa mphika wa kwawo. Koma taonani zimene zachitika. UK itatsegula khomo la osamalira okalamba mu 2022, anthu zikwizikwi anathamangira timaphunziro ta miyezi yochepa ta unesi wothandizira, ena anagulitsa ndi ziweto zomwe kuti alipire owapezera ntchito. Mu 2025 khomo lomwelo linatsekedwa kwa ofunsira ali kunja. Amene anaphunzira pongofuna chitupa cha ulendo anatsala ndi pepala m'manja. Kufunika kwa ntchito ya rehab sikudalira lamulo la dziko lina. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 2.4 biliyoni, munthu mmodzi mwa atatu alionse, ali ndi vuto limene chithandizo chotere chingawathandize, ndipo BP, shuga ndi ngozi za pamsewu zikungowonjezera chiwerengerocho kuno kwathu.

Amene mtima wagunda, konzekerani motere. Choyamba ndi ma O Level asanu okhoza bwino, ndipo Chingerezi, sayansi ndi masamu musazinyozere. Ngati china chinakugwetsani, lembaninso mayeso a ZIMSEC chaka chino. Chachiwiri ndi mapepala a unzika. Mabanja ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anavutika lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ndipo zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo. Malamulo a 2013 anakonza zimenezi: amene anabadwira m'dziko muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala konkuno pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Koma chitupa sichisintha chokha m'thumba. Pitani ku ofesi ya kalembera mukasinthitse nthawi ikadalipo, musadikire tsiku limene chidziwitso cha sukulu chatuluka.

Malo a pa sukulu ya ku Marondera amalengezedwa ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo zofunika zenizeni za chaka chimenecho zimalembedwa m'chidziwitsocho. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo pamene pali mzere wautali pamabwera akamberembere. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama pa EcoCash kuti akusungireni malo, ameneyo ndi wakuba. Sukulu ina iliyonse ikakulonjezani satifiketi ya ntchitoyi, safunsa anadya phula: kafunseni ku Medical Rehabilitation Practitioners Council of Zimbabwe ngati amaivomereza, chifukwa popanda kulembetsa ku bungwe limeneli simuloledwa kugwira wodwala. Amene muli ndi ma A Level a sayansi, digiri ya zaka zinayi ya pa University of Zimbabwe ndi njira yanu. Ndipo amene muli ndi abale ku Malawi, kumenekonso ma rehab tech amaphunzitsidwa, ku Kachere mu mzinda wa Blantyre, pansi pa bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, limene kale linkatchedwa Malawi Against Polio.

Musanalembe kalata iliyonse, pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi, mufunse kumene kuli chipinda cha rehab, mupemphe mwaulemu kulankhula ndi mmodzi wa ogwira ntchito pamene mzere watha. Mufunseni za maola, za malipiro, za fungo, za odwala amene sanabwerenso. Kenako pemphani kwa anansi amene akudwazika munthu wa sitiroko kapena mwana wolumala kuti muziwathandiza Loweruka lililonse kwa mwezi umodzi, kumutembenuza, kumudyetsa, kumuchapira. Mukamaliza mweziwo mudzadziwa nokha ngati kalatayo muilembe.